Kutsitsa kutsogolo kwa pikiapu: kumasula torsion bar kokha sikokwanira

Nissan Hardbody komanso Toyota Hilux zambiri zakale, zija zinatuluka chisanafike chaka cha 2005, kutsogolo kwake kulibe sipuling'i yozungulira. Chimene chimasenza injini ndi torsion bar, chitsulo chachitali chochokera pa control arm (mkono wachitsulo wolumikiza tayala ku chasisi) kukafika pakati pa chasisi. Kumapeto kwake kuli bawuti: mukaimanga galimoto imakwera, mukaimasula imatsika. N'chifukwa chake ambiri amaiona ngati ntchito ya sipanala imodzi.

Imikani galimoto pamalo osalala, muyese kuchokera pakati pa limu kufika m'mphepete mwa fenda, mbali zonse ziwiri, ndipo mulembe. Kwezani ndi jeki, muike ma stand pansi pa chasisi kuti matayala alendewere. Osamasula bawuti galimoto ili pansi. Mazinga ake amakhala atasenza katundu ndipo amatha kudyeka, makamaka akachita dzimbiri. Atsukeni, muthire mafuta, mumasule nati yotsekera, kenako muzungulitse bawuti ya mbali yakumanja ndi ya mbali yakumanzere mofanana, mukuwerenga. Tsitsani, yendani pang'ono kuti zikhazikike, muyesenso.

Malire ake ndi pafupifupi masentimita 5. Kupitirira apo control arm imakhala itatsala pang'ono kugona pa bump stop, kamphira kaja kotchinga kuti zitsulo zisagundane. Tayala likasowa mpata wokwera, kadzenje kalikonse kamamveka mpaka m'msana, ndipo ma shock ndi ma ball joint (mfundo zimene tayala limakhoterapo) satenga nthawi kutha. Ena amachotseratu kamphirako. Musatero ayi: chitsulo chikamamenya chitsulo chinzake, chasisi imayamba ming'alu. Gulani kakafupi, pamodzi ndi ma shock aafupi, chifukwa akale amafika pothera tayala lisanamalize kukwera.

Njira imene ndimaiona yabwino ndi drop spindle. Spindle ndi chitsulo chimene tayala limazungulirapo, ndipo pa yotereyi malo olowa tayala anawakweza, kawirikawiri ndi mainchesi 2 (pafupifupi masentimita 5), ndiye galimoto imatsika koma control arm, torsion bar ndi ma shock zimakhala momwe fakitale inaziikira. Imadula, inde, komabe mayendedwe sawonongeka. Chenjerani ndi limu: ball joint yam'munsi imayandikira kwambiri mkati mwake, moti malimu a mainchesi 14 amatha kukhuza. Zungulitsani tayala ndi manja, mukhotetse chiwongolero mbali zonse, muonenso ngati paipi ya buleki sikukokeka.

Ngati mukufuna kuzula torsion bar kuti muisunthe dzino limodzi pa mano a kumapeto kwake, ikani chizindikiro musanaizule. Yakumanja ndi yakumanzere sizisinthanitsidwa. Iliyonse inazolowera kupotokera mbali yake, ndipo mukaitembenuza imatha kuthyoka.

Hilux za 2005 kupita mtsogolo zili ndi sipuling'i yozungulira. Apa pewani kuitenthetsa ndi gasi kuti ifupike, chifukwa moto umapha mphamvu ya chitsulo ndipo imapitiriza kutsika mosafanana. Gulani yaifupi yopangidwira ntchitoyo.

Mukatha zonsezi pitani ku alignment, kowongola kaimidwe ka matayala, tsiku lomwelo. Galimoto ikatsika matayala amapendekera mkati chakumtunda ndipo toe (mmene matayala amalozera kutsogolo) imasokonekera, n'chifukwa chake amadyeka m'mphepete mwamkati kunja kukuoneka kwatsopano. Mabawuti a mabushi, mphira za pa control arm, amangidwe galimoto itaima pa matayala ake, apo ayi mphira imakhala yopotoka ndipo imang'ambika. Magetsi akutsogolo nawo awongoledwe, poti mphuno ikatsika amawala pafupi.

Chomaliza kuyesa n'chimene chimateteza moyo. Pasakhale chitsulo chilichonse chotsika kuposa m'mphepete mwam'munsi mwa limu. Chikakhalapo, tsiku lomwe tayala lidzaphulike ndicho chidzayambe kukanda msewu, ndipo chiwongolero sichidzakumverani. Kwa ife oyenda pa mahampu ndi misewu yafumbi, yesaninso kutalika kwa sampu (mosungira oyilo pansi pa injini) ndi crossmember (chitsulo chopingasa cha chasisi) kuchokera pansi muli ndi anthu m'galimoto, ndipo muikepo chitsulo chotchinga sampu.