Ulendo wa ku Chambishi ndi nsomba zomwe tinazikana

Anzanga a m'kalabu yathu ya alimi a nsomba amene munatsala ku Chipata, ndalemba izi kuti nkhani ya nsomba ija ithe, poti ndaimva kale ikukambidwa mwanjira zitatu.

Tinanyamuka m'bandakucha anthu 14, ulendo wa ku Chambishi, tauni ya migodi ya mkuwa pafupi ndi Kitwe. Pa mlatho wa Luangwa a Msungichuma anagula nsomba zouma katoni yathunthu, ati mphatso ya otilandira. A Tcheyamani anadandaula kuti minibasi inunkha mpaka ku Lusaka, ndipo inanunkhadi. Tinagona ku Lusaka, m'mawa mwake n'kulowera cha ku Kabwe. Tayala linaphulika tisanafike ku Kapiri Mposhi, ndipo a Mlembi, omwe amakonda kutiuza kuti anagwirapo ntchito pagalaja, anaonetsa kuti sankanama. Kuyambira pamenepo dzina lawo ndi a Sipanala.

Ku Kitwe katswiri wa zamadzi anatiphunzitsa m'mawa wonse. Miyala ya m'migodi ya mkuwa imakhala ndi salfa. Ikafukulidwa n'kukumana ndi mpweya ndi madzi imapanga asidi, ndipo asidiyo amasungunula mkuwa ndi zitsulo zina n'kuzikokolera kumtsinje. Zimenezi zimachitika pang'onopang'ono, ngakhale mgodi utatsekedwa kalekale. Koma za pa 18 February 2025 zinagwa ngati mphezi: khoma la damu losungira zinyalala za asidi pamgodi wina ku Chambishi linagumuka, ndipo malita pafupifupi 50 miliyoni, malinga ndi zomwe zinalengezedwa poyamba, anakhuthukira mumtsinje wa Mwambashi womwe umathira mu Kafue. Nsomba zakufa zinkayandama mpaka makilomita 100 kumunsi. Madzi a m'mipope ku Kitwe anatsekedwa, ndipo ndege za asilikali zinkawaza laimu mumtsinje kuti asidi athe mphamvu.

Zonsezi tinalemba m'makope, koma zinatilowa mumtima titafika kumadimba. Mayi amene anatilandira anatitengera pomwe panali chimanga ndi mtedza wawo. Anati zinauma ngati zathiridwa madzi owira. Chitsime chawo anachivundikira ndi malata. A Gogo athu, amene sasowa chonena, anatapa dothi, n'kulinunkhiza, n'kulibwezera pansi osayankhula.

Tsono nkhomaliro. Anabweretsa nsima, masamba otendera omwe kumeneko amati ifisashi, ndi mbale yaikulu ya nsomba. Titasamba m'manja wina ananong'ona kuti, "Kodi si za mu Kafue zimenezi?" Mawuwo anayenda pamphasa ponse, manja n'kumapita ku masamba okha. Mayi aja anaona. Anagwada chapafupi n'kuyankhula m'Chibemba, a dalaivala akumasulira: "Abale anga, nsombazi ndi zanu zomwe, zimene mwabwera nazo m'katoni. Za mumtsinje wathu ana anga sanazilawe kuchokera tsiku lija. Ndingazipereke bwanji kwa alendo?"

Manyazi anatigwira tonse. A Tcheyamani anavula chipewa n'kupepesa m'malo mwathu, ndipo a Gogo ndiwo anayamba kutapa nsomba. Mayi aja sanasunge kanthu kukhosi. Anati ngakhale ogula akumsika ankawakanira tomato akangomva kuti wachokera ku Mwambashi. Pamenepo mpomwe ndinaganizira maiwe athu. Ife timadya chifukwa anthu amakhulupirira madzi athu, ndipo tinali titangowachitira mayiwa zomwe zingatiphe njala wina atatichitira.

Pobwerera mkangano unayambira ku Ndola mpaka ku Kabwe, aliyense akufuna kudziwa amene ananong'ona. Ena akuloza a Sipanala, koma sizoona, iwo anali kunja akuona matayala. Amene tinabweza manja tinalipo asanu ndi anayi, ndi ine ndemwe. Choncho tisiye kusaka munthu mmodzi.

Zikomo a Msungichuma chifukwa cha katoni yomwe tinkainyoza ija. Zikomo a dalaivala potifikitsa bwino ndi kutimasulira Chibemba, amayi a kwaya potiimbira kuti tisawodzere pa mapiri a Luangwa, ndi inu otsala amene munadyetsa nsomba zathu masiku asanu.

Tinagwirizana kuti madzi a anzathuwo akadzayezedwa n'kupezeka abwino, tidzawatumizira mbewu ya nsomba kuchokera m'maiwe athu. Pamsonkhano wa Loweruka aliyense abwere ndi chopereka chake, komanso ndalama ya tayala lija.