Loweruka la njereza ndi mkangano wa Muddy Waters

Ndikulemba izi m'tsitsi mukadali njereza. Ndasamba kawiri koma m'zikhadabo muli mbee, ndipo khosi likuwawa chifukwa choyang'ana kumwamba tsiku lonse.

Ndinalawirira m'mamawa kupita ku Zingwangwa kwa amalume. Chisiyireni mvula akhala akudandaula kuti siling'i ya pabalaza yada ndi madontho. Malata tinamata kale mwezi wathawu, chinatsala ndi kupaka. Ndinapeza msuweni wanga atasungunula kale njereza m'ndowa, makwerero tinabwereka kwa aneba. Amalume masiku ano miyendo ikuwavuta, ndiye ntchito yawo inali kukhala pampando pakhomo n'kumaloza ndi ndodo paliponse pomwe bulashi yaphonya.

Cha m'ma 10 koloko kunatulukira aphunzitsi, mnzawo wa amalume wa kalekale amene anapuma ntchito. Awiriwa chimene chimawamanga pamodzi ndi nyimbo za rock. Amalume anakulira ku Kitwe ku Zambia, agogo akugwira ntchito m'migodi ya kopa, ndipo anabwerako ndi katoni ya mbale za galamafoni imene mpaka lero salola mwana aliyense kuikhudza. Ineyo chikondi cha gitala wolira mokalipa ndinachitengera m'katoni imeneyo.

Ndili pamwamba pa makwerero, njereza inandidonthera pamphumi n'kutsetsereka mpaka pamphuno. Aphunzitsi atakweza maso anawomba m'manja.

"Achimwene, tamuonani Muddy Waters uyo!"

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Msuweni wanga anangoti kakasi, osadziwa chimene chaseketsa madala. Ndiye aphunzitsi anakoka mpando n'kuyamba kumufotokozera, ine ndikumvetsera ndili m'mwamba.

Nkhani yake ndi ya mu June 1964, pamene a Rolling Stones, bandi ya rock ya ku Britain, anapita ku America koyamba. Atafika ku Chicago anakalowa mu situdiyo ya Chess Records, pa 2120 South Michigan Avenue, ndipo m'menemo ndi momwe anajambulira "It's All Over Now", nyimbo yawo yoyamba kukhala nambala wani ku Britain. Kwa anyamata amenewa nyumba ija sinali nyumba wamba. Dzina la bandi yawo analitenga ku nyimbo yotchedwa "Rollin' Stone" ya Muddy Waters, katswiri wakuda wa nyimbo za blues amene ankajambulira ku Chess komweko. Ngakhale ubwenzi wa Mick Jagger, woyimba wa bandiyo, ndi Keith Richards, woliza gitala, unayambiranso pa siteshoni ya sitima ku Dartford mu 1961, Keith ataona mnzakeyo atanyamula mbale ya Chuck Berry ndi ya Muddy Waters. Tsono Keith wakhala akunena kwa zaka zambiri, ndipo anazilembanso m'buku la moyo wake la mu 2010, kuti atalowa mu Chess muja anapeza bambo wina atavala ovololo, ali pa makwerero akupaka siling'i, penti woyera akuyenderera kumaso. Kuyang'anitsitsa, ati ndi Muddy Waters mwiniwakeyo.

"Koma ndi bodza limenelo," aphunzitsi anatero pomaliza, akugogoda pansi ndi chala.

Apa ndi pamene zinayambira. Amalume anatsamira kutsogolo. "Bodza bwanji, aphunzitsi? Munthu analipo, anaona ndi maso ake. Inu munali kuti mu 1964?"

"Ndinali ku pulayimale, sindikukana. Koma Marshall Chess analinso pomwepo, mwana wa Leonard Chess mwini kampaniyo. Iye amakanitsitsa kuti zimenezo sizinachitike. Amati Muddy anali munthu wotchena, wa masuti ndi zipewa zodula, woti sakanavala ovololo n'kukwera makwerero."

"Nanga mwana angavomere kuti bambo ake ankapakitsa penti munthu amene ankawadyetsa? Keith ananena kale kuti Marshall nthawi imeneyo anali kamnyamata."

Msuweni wanga, amene foni siichoka m'manja, anafufuza mwakachetechete n'kunena kuti Marshall Chess anabadwa mu 1942 pomwe Keith Richards anabadwa mu December 1943. Ndiye kuti "kamnyamata" kaja kanali kakakulu kuposa wonenayo. Aphunzitsi anadzuka pampando n'kukamugwira dzanja. Amalume anangoti, "Zaka si maso," n'kuloza ndi ndodo pakona pomwe ndinasiya.

Aphunzitsi sanalekere pomwepo. Anakumbutsa kuti mwezi umodzi wokha zisanachitike zimenezi, mu May 1964, Muddy Waters anali ku England, akuyimba pa siteshoni yakale ya sitima ku Manchester pamodzi ndi Sister Rosetta Tharpe, a kanema wa Granada akujambula. Chaka chomwecho anali atatulutsa chimbale cha Folk Singer. Munthu woteroyo abwerere kwawo akagwire bulashi? Amalume nawo anali ndi zawo, ndipo zinali zolemera. Anati kutchuka kwa munthu wakuda ku England sikunkatanthauza ndalama m'thumba ku Chicago. Achinyamata akuda a ku America nthawi imeneyo anali atatembenukira ku soul, blues ankaiona ngati nyimbo za makolo awo a kuminda ya thonje. Anawonjeza kuti m'zaka za m'ma 1970 Muddy Waters ndi Willie Dixon, wopeka nyimbo wa ku Chess, anakasuma kukhoti kampani yosunga nyimbo ya Arc Music, yomwe inali yogwirizana ndi Chess, pa nkhani ya ndalama za nyimbo zawo. "Munthu wosakhutira ndi amene amapita kukhoti," anatero amalume. "Kaya anapaka kaya sanapake, ankadyeredwa masuku pamutu."

Pali mboni yachitatu imene onse awiri amaidziwa koma aliyense amaikokera kwake. Bill Wyman, woyimba besi wa Rolling Stones, amakumbukira Muddy Waters akuwathandiza kunyamula zida kuchokera m'galimoto kulowetsa mu situdiyo. Za penti iye sanena. Kwa aphunzitsi umenewu ndi umboni wa munthu wamkulu wolandira alendo, monga momwe ife timathamangira kulandira chikwama cha mlendo pakhomo. Kwa amalume ndi umboni woti ankatumidwa ntchito za manja.

Atandifunsa kuti nanga iwe uli mbali iti, ndinatsika kaye pa makwerero. Ndinawauza kuti sindikhulupirira kuti Keith anakhala pansi n'kupeka bodza. Munthuyo Muddy ankamukonda kuchokera pansi pa mtima, ndipo aliyense amene anaonerapo kanema wa mu November 1981, a Stones atalowa mu kalabu ya Checkerboard Lounge ku Chicago momwe Muddy ankayimba n'kuitanidwa mmodzimmodzi kupita kutsogolo, amaona mmene ankamuyang'anira mkuluyo, ngati mwana pamaso pa bambo ake. Mnyamata wa zaka 20 akulowa m'nyumba imene wakhala akuilota, mtima ukugunda, anthu ambirimbiri akulowa ndi kutuluka, mwina wina akupakadi penti. Pakapita zaka nkhope ziwiri zimatha kusanduka imodzi, makamaka ngati nkhaniyo ikunena chinthu chimene iwe umachikhulupirira kale, choti oyimba akudawa ankazunzika.

Koma chimene chimandiwawa ndi china, ndipo ndinachinena ngakhale amalume anakwinya nkhope. Muddy Waters anamwalira mu April 1983. Sangayankhenso. Munthu ameneyu ankayendetsa thirakitala pa esiteti ya Stovall ku Mississippi, Alan Lomax, wosonkhanitsa nyimbo za m'midzi, anajambula nyimbo zake koyamba pakhomo pake mu 1941, anasamukira ku Chicago mu 1943 n'kumagwira ntchito m'fakitale masana, usiku akuyimba. Anachoka kutali kuti afike povala suti. Ndiye lero mnyamata ngati msuweni wangayu, amene sanamvepo "Hoochie Coochie Man", chinthu choyamba kumva za iye chikhale penti kumaso? Ukamasimba za munthu wamkulu amene anatsogola, ulemu wake uli m'manja mwako. Ngati pali anthu awiri amene analipo ndipo palibe amene akukuvomereza, ndi bwino kunena kuti umu ndi momwe ine ndikukumbukira, osati kumangokakamira.

Aphunzitsi anagwedeza mutu. Amalume anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, ukadzakalamba udzaona kuti zimene ukukumbukira ndi chuma chokha chimene watsala nacho. Wina akamakulanda umalimba nacho."

Sindinayankhe. Anti anali ataika kale madzi osamba m'manja.

Tinadya nsima ya mgaiwa ndi usipa ndi nkhwani wotendera, titakhala pakhonde chifukwa pabalaza panali ponyowa. Mkangano utazirala amalume anayamba nkhani yawo ya ku Kitwe, imene ndakhala ndikuimva kuyambira ndili mwana. Ndi ya tsiku limene anaonera bandi ya WITCH, anyamata a komweko ku Copperbelt amene dzina lawo limaimira We Intend To Cause Havoc. Woyimba wawo Emmanuel Chanda anthu anamupatsa dzina loti Jagari chifukwa cha Mick Jagger yemweyo, poona mmene ankadumphira pa siteji. Amalume ali ndi mbale yawo ya Lazy Bones!! ya mu 1975, chikuto chake chomatidwa ndi selotepi m'mbali zonse. Nkhope yawo imawala akamanena za nthawi imeneyo, kopa asanagwe mtengo, mabandi ali m'tauni iliyonse, wailesi ikuliza nyimbo za m'dziko momwemo monga analamulira Kaunda.

Lero anati tsiku limenelo anafika molawirira, anapeza galimoto ya bandi ikutsitsa katundu, ndipo anasenza sipika imodzi mpaka m'holo. Ndi chifukwa chake analowa osalipira.

Dzanja langa linaima m'mbale. Ndili mwana, nkhaniyi inkati analibe ndalama, anaonera pawindo atakwera pa njerwa. Nditafika ku sekondale inasintha, ankati mlonda wa pakhomo anali wa ku Nkhata Bay, anawamva akulankhula chakwathu n'kuwalowetsa. Za sipika ndazimva lero koyamba, patangotha ola limodzi tikukamba za Muddy Waters kunyamula zida za a Stones. Ndipo amalume sankanama. Anagwira paphewa lakumanja posonyeza pomwe sipikayo inawakanikiza, nkhope yawo ikusonyeza kulemera kwake. Ndinaona ndi maso anga nkhani ya munthu wina ikulowa mwa munthu wina n'kukhazikika ngati inabadwira momwemo.

Msuweni wanga anatsegula pakamwa kuti alankhule, ine ndinamuponda phazi. Aphunzitsi, amene m'mawa wonse anali woweruza wa choonadi, anangoti, "Zinali zolemera zimene zija, achimwene, zamatabwa enieni," n'kupitiriza kudya. Ndinawakonda kwambiri pa mawu amenewo.

Mwina wina anena kuti ndili ndi miyeso iwiri, wina wa Keith wina wa amalume. Ndaganizira zimenezi mu minibasi njira yonse. Nkhani ya amalume ikamasintha, imasintha pa iwo eni. Kaya anali pawindo kaya anasenza sipika, palibe amene wavulidwa suti.

Ndikutsuka mabulashi kuseri kwa nyumba, anti anabwera kudzataya madzi. Ndinawafunsa motsitsa mawu kuti pa nkhani zitatuzi yoona ndi iti. Anaseka pang'ono n'kunena kuti iwo nthawi imeneyo anali asanadziwane ndi amalume, koma agogo aakazi anawauzapo kuti usiku umenewo mnyamata wawo anabwera kunyumba m'bandakucha ndi nsapato imodzi, mawu atatheratu, ndipo agogo aamuna anamukwapula asanapite ku shifiti. "Za nsapatozo amalume ako sanena," anatero anti, "koma ndi zokhazo zimene apongozi anga anaziona."

Madzulo magetsi anayaka. Amalume anatumiza msuweni wanga kukatenga katoni ija, anasankha mbale yokhala ndi nyimbo za Muddy Waters, anaipukuta ndi kansalu n'kuiika okha pa galamafoni. Singano yatha, mawu akutuluka mokanda, komabe gitala uja atangolira msuweni wanga anaika foni pansi. Tinamvera mbali imodzi yonse tili pakhonde, fungo la njereza likutuluka pawindo.

Siling'i ikufunika kupakanso kachiwiri, madontho awiri akuonekerabe pamwamba pa kabati. Ndibwereranso Loweruka likubwerali. Amalume andituma kuti ndifunse mu Limbe ngati pali amene akugulitsabe singano za galamafoni, ndipo andilembera nambala yake pa kapepala kuti ndisagule yolakwika.