Chingwe cha khonje chija chatheka

Anzanga opota, chingwe cha khonje chimene ndakhala ndikuyesa kupota chatheka! Mamita 6, tizingwe titatu topotera limodzi, ndamangira tonde wovuta uja ndipo wakoka mpaka watopa yekha.

Koma chomwe chandidyera masiku si kupota ayi, ndi kupala. Masamba oyamba anabwera pa kabaza kuchokera kwa Khombedza atagonera kale padzuwa, ndiye mukudziwa kutentha kwa Salima mu Okutobala muno, pofika anali atafota utomoni wauma n'kumata ulusi wonse. Ukamapala ndi chikwanje chobuntha pathabwa ulusi ukungodukaduka, wotsalawo wofiirira, kuchapa osayera, kupesa osatheka. Ndinaviika mu ndowa usiku wonse, kunangobwera fungo mpaka mayi a kunyumba anati chichoke pakhonde. Ndiye manja kuyabwa kwake, madzi a khonje sachita chibwana, valani magolovesi kapena majumbo a shuga omwe.

Mapeto ake ndinapita ndekha kwa agogo eni mpanda wa khonjewo. Anangoseka, akuti khonje umadula m'mawa, masamba a m'munsi okhwima, minga ya kunsonga kuchotsa pompo, kupala tsiku lomwelo, kutsuka, kuyanika. Basi. Ulusi unatuluka woyera mbee, wautali, pantchafu ukupoteka wokha. Agogo amenewa ndi omwe ndinkagulako nkhosi zosokera mphasa chaka chatha, za nayiloni za pa Kamuzu Road sizifikako, zimaterera mfundo.

Chowawa ndi chakuti ulusi pa tsamba ndi pafupifupi 4 pa 100 okha, zina zonse ndi madzi ndi zinyalala, mtolo wolemetsa kabaza umatulutsa kochepa zedi. Mpake ku Tanzania amagwiritsa makina. Paja kumeneko khonje anafika mu 1893 ndi Mjeremani Richard Hindorf, kwawo kwenikweni kwa khonjeyu ndi ku Mexico, mbewu zinapulumuka paulendo zinali 62 zokha koma taonani minda ya ku Tanga lero. Ife kuno tangomusiya m'malire a minda.

Pa mpanda wa agogo pali khonje wina watulutsa mlongoti, ameneyo akufa ndithu, amachita maluwa kamodzi kokha. Ndapempha tiana take ndifese kuseri kwa khola, zaka 2 kapena 3 ndiyamba kudula wanga. Kenako makina opotera a pedulo ya njinga, zingwe zokokera mabwato ku Senga Bay, mwinanso kapeti ya pabalaza. Amene anayesapo kunyika ulusi mu utoto wa makungwa andiuze ngati susuluka.