Tambala wa apongozi anakwera ndege

Alamu anga ankatchetcha udzu pabwalo lina la ndege ku Joni, ndipo chibwerereni kuno ku Chipata nkhani yawo ndi imodzi: glider, ndege yopanda injini ija. Akuti imakokedwa ndi ndege inzake pa chingwe cha mamita pafupifupi 60, wina n'kumathamanga atagwira nsonga ya phiko kuti lisakhule pansi. Tinaimva mpaka makutu kuwawa. Ndiye mu Ogasiti, mphepo itayamba kusasula madenga, anati tipange yathu.

Inali ya nsungwi ndi masaka a feteleza, mapiko mamita atatu. Inkalemera kumchira, alamu n'kunena kuti kumphuno kukufunika katundu. Tinayesa dzungu, linagubuduka. Mapeto ake munalowa tambala wa apongozi, womangidwa miyendo, eni ake ali kuchigayo.

Ndege yokoka ndinali ine. Kuno njinga imanyamula munthu, makala ndi mbuzi, ndiye kukoka ndege n'chiyani? Chingwe anachimanga pakaliyala, mfundo yomangira ng'ombe. Tinapita kubwalo la mpira lija lotsetserekera kudambo, ana a m'komboni yonse ali pambuyo.

"Alamu, mvetsani," anatero. "Glider imanyamuka yokoka ija ikadali pansi. Woyendetsa amaigwira kuti ikhale m'munsi, kumbuyo kwenikweni kwa inzake. Ikakwera kwambiri imatukula mchira wa yokoka, mphuno n'kuloza pansi. Zikafika potero, kapena phiko likagwa pothamanga, sachedwa: amakoka kogwirira kachikasu, chingwe n'kumasuka."

"Nanga kachikasu kathu kali pati? Tambalayu mwamuphunzitsa?"

"Palasani alamu, mphepo ikutha."

Ndinapalasa. Kamnyamata kogwira phiko kanakomedwa, osafuna kulisiya, ndege n'kuyamba kukhotera kwa iko. Alamu anakuwa, "Siya iwe!" Kanasiyadi, nthawi yomweyo mphepo yochokera kuphiri la Kanjala n'kuiwomba pamimba. Nditacheuka ndinangoona zilembo za D Compound zili pamwamba pa mutu wanga, chinthu chitaima njo ngati kaiti, tambala akulira kokoliriko masanasana.

Zimene alamu ananena za mchira n'zoona, ndikuikira umboni. Chishalo chinayamba kundikankha kumbuyoku, tayala lakumbuyo linapepuka, miyendo n'kumapalasa mphepo. Ndinagwira mabuleki, ndipo pa njinga yanga amagwira ndi akutsogolo okha. Ndinadutsa pamwamba pa mahandulo mwaulemu ndithu, n'kukatera chamutu m'dimba la repu la mayi wina, lomwe anali atangothira manyowa a nkhumba ndi madzi. Nsapato imodzi sinapezeke mpaka lero.

Ana anaombera m'manja. Osati ine ayi, koma ndege, imene inakakodwa bwinobwino mumtengo wa mango, woyendetsa wake ali wamoyo.

Alamu anafika ali wefuwefu, n'kundipitirira, kukayang'ana mapiko. Akuti kunyamuka kunali kwabwino kwambiri, vuto yokoka inalibe mphamvu.

Mayi wa repu ndinamulipira pompo, matope akuchucha. Apongozi, mwa mwambo, sanandilankhule pamaso. Uthenga unadzera mwa akazi anga mawa lake madzulo: tambala wasiya kulira m'mawa, nkhuku zazikazi sakuziyang'ananso, ndiye bambo a m'nyumba agule wina. Za mwana wawo amene anamanga tambalayo miyendo sanatchuleko.