Tsiku limene manda anaseka

Inu amene munayamba kugwira foni m'nyengo ya WhatsApp ino simungamvetse ulemu umene foni ya chaina inali nawo cha m'ma 2009. Nthawi imeneyo kuimba kuchoka pa TNM kupita pa Zain kunkadya mayunitsi moopsa. Zain yo ndi Celtel yomwe ija itasintha dzina mu 2008, isanakhale Airtel mu 2010. Choncho munthu ankayenda ndi mafoni awiri, kapena simu ina ataibisa kuseri kwa batire, n'kumasinthasintha pamsewu. Kenako kunatulukira chaina: simu ziwiri pafoni imodzi, tochi, wailesi, malo a memory card, masipika anayi kumsana, timagetsi tothwanima m'mbali, komanso kandodo kosolola koti uzionerera TVM uli pa minibasi. Ya Nokia 3310 inali yolimba, inde, koma sinkaimba nyimbo zoti mudzi wonse uvine. Anzathu a timafoni tija tinkati Mose wa Lero ankangotiyang'ana ndi diso la kaduka.

Yanga ndinagula mumsika wa Lilongwe, kutsidya kwa mlatho. Pamwamba analembapo Nokla, ndipo wogulitsayo anandilumbirira kuti ndi Nokia yeniyeni, kungoti chilembo chimodzi chinatalika panjira. Ndinapita nayo kwa anyamata owotcha nyimbo, anandidzazira memory card, n'kundiikiranso kaphokoso koitanira kamene kanali m'fasho chaka chimenecho: khanda likuseka. Poyamba limayamba pang'onopang'ono, kenako limaseka chikhakhali mpaka kutsamwa. Ikalira mu minibasi amayi ankaseka nawo, ena n'kundipempha ndiwatumizire pa Bluetooth. Masiku ano ukangotulutsa foni yotero pagulu anthu amasuntha mpando. Amene ankandipempha Bluetooth aja ndi omwewo lero amati "anthu ena alibe manyazi" akamva foni ya mnzawo ikulira mokweza.

Ineyo ndinaisiya kalekale, inkangokhala m'sutikesi limodzi ndi masatifiketi. Koma chaka chatha mwana wathu Chisomo anagwetsa foni yanga yamakono pasimenti, galasi lonse phwa, ndipo madzulo a tsiku lomwelo kunabwera uthenga woti agogo ake a mkazi wanga atisiya kumudzi kwawo ku Dedza. Ndalama yokonzetsera foni inapita ku chipepeso ndi thiransipoti. Ndinatsegula sutikesi.

Batire yake inali itatupa ngati mandasi, moti chivundikiro sichinkatsekanso. Ndinachimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Nditaika pamoto, chinthucho chinayaka, timagetsi tonse thwanithwani, n'kupereka moni wake wa nyimbo amene anadzutsa galu wa aneba.

"Bambo a Chisomo, chimfoni chimenecho mukupita nacho kuti?"

"Kumaliro, mayi a Chisomo. Nanga akuntchito akandifuna?"

"Kumudzi kwathu? Inu ndinu mkamwini kumene kuja. Chonde mukachizimitse."

Ndinalonjeza. Vuto ndi loti batani lozimitsira linafa mu nthawi ya Bingu, ndipo njira yokhayo yoitontholetsa inali kumasula mphira uja n'kuchotsa batire. Panali malo ena m'katimo olembedwa kuti Silent, ndinasankha pamenepo, foni n'kuvomera ndi kachizindikiro kabwinobwino. Amene munakhalapo ndi chaina mukudziwa kuti mawu amenewo ankangowalemba kuti mndandanda uoneke wokwanira.

Pasiwa zonse zinayenda bwino, chifukwa pakhomopo netiweki sinkafika. Ndinagona panja ndi amuna anzanga pamoto, m'mawa ndinathandiza kuwaza nkhuni, alamu anga n'kumandiyamikira kuti wa m'tauni uyu sanaiwale nkhwangwa. Mwambo wa mapemphero unatha, afumu analankhula, anawerenga zipepeso, tinanyamuka ulendo wa kumanda. Chimene sindinkadziwa n'chakuti manda a mudziwo ali pakamtunda, ndipo pakamtunda pamenepo ndi pamene anyamata a m'mudzimo amapita kukasaka netiweki akakhala m'mbali mwa msitu.

Titafika, amayi anakhala pansi chapatali, kwaya ikuimba motsitsa mawu, ife amuna tazungulira dzenje. Adzukulu awiri anatsikira m'manda kuti alandire bokosi. Mkulu wa adzukulu anandiloza.

"Akamwini, gwirani chingwe uku."

Umenewu ndi ulemu, sukana. Ndinagwira chingwe, tinayamba kutsitsa pang'onopang'ono. Bokosi litatsala pang'ono kufika, ndinawerama kwambiri kuti mbali yanga isapendekeke. Foni inali m'thumba la shati. Ndinangomva thumba lapepuka. Inatsetsereka pakati pa bokosi ndi khoma la dzenje, bokosi n'kukhala pansi, foni ili kunsi kwake chakumutu. Palibe anaona kupatula ine. Ndinaima chilili, thukuta kamukamu, ndikuwerengera mumtima: ndinene, kapena ndingoisiya ipite ndi agogo? Kunena zoona maganizo achiwiriwo ndi amene ankapambana. Simu ndikanakatenga ina, foniyo inali itagwira kale ntchito yake padziko.

Abusa anatsegula buku, anakweza dzanja, anthu onse zii. Anangoti "Tiyeni tipemphere," ndipo pansi pa bokosi panamveka kakhanda: "He... he he..."

Abusa anaima. Anayang'ana kwa amayi, kuganiza kuti ndi mwana wa kumbuyo. Amayi nawo ankayang'anana. Khanda lija linakoka mpweya n'kuyamba chikhakhali chenicheni, masipika anayi onse, dzenje n'kumakuza mawuwo kuti amveke bwino mpaka kumsewu. Kuwonjezera apo timagetsi tija tinayamba kuthwanima, kuwala kofiira ndi kobiriwira kukutuluka m'mphepete mwa bokosi.

Mdzukulu mmodzi sindinaone mmene anatulukira. Dzenje lofika m'mapewa, iye ndinangomuona ali kale pamwamba, patapata imodzi yatsala m'manda. Mnzake anayesa kukwera, dothi linagumuka, anagweranso pabokosi n'kukuwa dzina la mayi ake. Kwaya inabalalika, mayunifomu oyera ali mbee m'tchire. Amene anali kutsogolo ndi nkhata anaziponya pompo. Gogo wina, mng'ono wake wa malemuyo, sanathawe. Anangokhala pomwepo akuwomba m'manja n'kumati, "Ndinanena ine, achemwali sanafune bokosi la mtengo wotchipa." Abusa, ndiwapatse ulemu wawo, anabwerera m'mbuyo mapazi atatu okha, koma pemphero linasintha mutu, linachoka pa kutonthoza ofedwa n'kupita pa kudzudzula mizimu yoipa.

Kusekako kunaleka. Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi, akunyang'ama. Afumu anatsokomola kuti alankhule. Khanda linayambiranso.

Apa m'pamene mnyamata wina wa zaka za m'ma 30, amene ankaoneka kuti anakhalako m'tauni, anatchera khutu n'kunena mokweza, "Aaa, iyi ndi chaina iyi! Ndinali nayo ine!" Maso onse anayamba kufufuza matumba a anthu, ndipo anathera pa ine, amene ndinali ndekha wogwira thumba la shati ndi manja awiri.

Bokosi likalowa m'manda silitulutsidwa wamba. Panakhala kaye kaupo ka afumu, eni mbumba ndi mkulu wa adzukulu, ife tikudikira padzuwa, khanda likuseka n'kumapumira. Anagwirizana zongopendeketsa bokosi pang'ono, ndipo popeza adzukulu onse anakana kutsikanso, anati mwini katundu atsike yekha. Ndinavula nsapato, ndinatsika ndi suti yanga ya ukwati, ndinagwada, n'kupisa dzanja kunsi kwa agogo ndikupepesa chamumtima. Ndinaitulutsa ikuseka. Ndinakoka mphira kuti ndichotse batire, mphira unaduka n'kundikwapula pamlomo, chivundikiro chinaulukira kwa abusa. Foni yamakono ikagwa kuchoka pampando imafa. Iyi inagwa m'manda, kupsinjidwa ndi bokosi, osang'aluka ngakhale pang'ono.

Mwambo unatha mwachidule kwambiri. Pobwerera palibe anayenda nane. Nditafika pakhomo, ndinakumana ndi mkazi wanga kuseri kwa nkhokwe, maso ali psuu, sindikudziwa ngati chinali chisoni kapena ukali. Ndinabwezera batire kuti ndione munthu wopanda chifundo amene ankaimba kosalekeza chotero, kuti ndikamuyankhe bwinobwino. Pagalasi panalembedwa: Mayi a Chisomo.

"Ndinu munkaimba?"

"Ndimafuna ndione ngati mwazimitsadi."

"Nanga kachiwiri? Kachitatu?"

"Ndinamva ikulira, ndiye ndimati muidule kuti mudziwe kuti ndamva."

Madzulo anandiitanitsa kubwalo. Afumu anakhala pampando, nduna zawo m'mbali, apongozi anga aamuna ataweramitsa mutu. Mlandu unali wosokoneza mwambo wa maliro, kuthamangitsa adzukulu, ndi kuchititsa kuti mayi wina wa kwaya abinye mwendo podumpha chitsa. Chigamulo: nkhuku ziwiri kwa afumu, imodzi ya adzukulu, ndi patapata zatsopano za mnyamata uja, poti yake ija inakwiriridwa ndipo palibe anali wokonzeka kukaifukula.

M'thumba munali ya basi yokha. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, n'kunena kuti, "Afumu, pepani, ndalama ndilibe pakali pano. Mwina ndisiye foniyi ngati chikole. Imalowa simu ziwiri, ili ndi tochi, ili ndi wailesi."

Afumu anaiyang'ana osaigwira. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa foni yaikulu yagalasi lokhalokha, anaipukuta pabondo, n'kunena kuti, "Akamwini, ngati imeneyo tinapatsa adzukulu athu kuti aziseweretsa, iwonso anakaitaya kudzala. Nkhukuzo mtengo wake tikuuzani, mutumize pa foni. Nambala ikupatsani nduna."