Galaja ya Kuseri kwa Nyumba: Mbiri ya Ntchito Yathu Yokonza Magalimoto a 4x4 ku Chirimba

Galaja yathu ili kuseri kwa nyumba imene timakhala ku Chirimba mu mzinda wa Blantyre, ndipo timakonza magalimoto okhawo amene amakoka ndi mateyala onse anayi, monga Land Cruiser, Hilux, Patrol, Pajero ndi ma Defender ochepa amene akadali pamsewu. Pantchitoyi tilipo ine, mayi a kunyumba amene amasunga mabuku a ndalama ndi kuitanitsa zipangizo, komanso anyamata awiri amene ndikuwaphunzitsa umakaniko. Pamalopo pali shedi ya malata, dzenje lomangidwa ndi njerwa lolowera pansi pa galimoto, jeke yaikulu, ma stand achitsulo ndi kabati ya masipanala.

Umakaniko ndinauphunzira ku koleji ya ntchito zamanja, ndipo nditamaliza ndinalembedwa ntchito pa galaja ina ku Makata imene inkasamalira magalimoto a mabungwe othandiza anthu ndi a m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje. Ganizo loyambitsa malo angaanga linabwera madzi atasefukira m'chigwa cha Shire mu Januwale 2015. Magalimoto amene ankanyamula thandizo kupita ku Chikwawa ndi Nsanje ankabwerako ali bwinobwino, madalaivala n'kuwatsuka mpaka kunyezimira, koma pakapita milungu ingapo ankabwera ku galaja akulira kunsi. Tikamasula nati yotulutsira oyilo wa mu difu, lomwe ndi bokosi la magiya logawa mphamvu ku mateyala awiri a pa ekiselo, chimene chinkatuluka chinkaoneka ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Difu ikamayenda imatentha, ndipo mpweya wa mkati mwake umatulukira pa kabowo ka breather kamene kali pamwamba pa ekiselo. Galimoto ikalowa mumtsinje, chitsulo chotenthacho chimazizira mwadzidzidzi, ndipo difu imayamwa madzi kudzera pa kabowo komweko, kapena pa ma oil seal ngati kabowoko katsekeka ndi matope. Madziwo akangosakanikirana ndi oyilo, mabering'i amachita dzimbiri ndipo mano a magiya amayamba kudyeka pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa kanthu.

Magalimoto a mabungwe anali ndi owasamalira. Amene ankandimvetsa chisoni anali alimi, mipingo ndi makontilakita ang'onoang'ono amene amagula magalimoto omwewa mabungwe akatopa nawo. Anthu amenewa akanena kuti galimoto yapita ku sevisi, amatanthauza kuti asintha oyilo wa injini ndi ma filter basi, pomwe galimoto ya 4x4 ili ndi madifu awiri, giyabokosi, transfer case (bokosi logawa mphamvu ku mateyala a kutsogolo ndi a kumbuyo), ma prop shaft awiri (mashafiti opititsa mphamvu ku madifu) ndi ma hub, zonsezi zofuna oyilo kapena girizi wake pa nthawi yake. Ndinaona kuti magalimoto amenewa amafera kunsi, kumene mwini wake sayang'anako, ndipo kumeneko n'kumene ndinasankha kuikako mtima wanga.

Ndalama zoyamba zimene tinasunga tinazithera pa dzenje, ngakhale achibale ena ankati tiyambe ndi chikwangwani ndi penti. Land Cruiser imalemera matani oposa awiri isananyamule kalikonse, ndipo ine sindilola mwana wa munthu kugona pansi pake itangokwezedwa ndi jeke kapena kutsamizidwa pa njerwa, chifukwa njerwa yowotcha imaphwanyika mosachenjeza. Dzenjelo linatithandizanso mwa njira ina. Kasitomala akabwera ndimamupatsa tochi n'kumuuza kuti, "Bwana, tsikani muone nokha." Munthu akagwedeza prop shaft ndi dzanja lake n'kumva universal joint ikugogoda, kapena akaona tsamba la sipuling'i litathyoka pakati pa anzake, sakayikiranso mtengo umene ndamuuza.

Ntchito imene inatidziwitsa kwa anthu ndi ya ekiselo ya kutsogolo ya Land Cruiser 70, mtundu umene Toyota inayamba kupanga mu 1984 ndipo ndi umene maambulansi ambiri a m'maboma amagwiritsa ntchito. Kumapeto konse kwa ekiseloyi kuli chitsulo chozungulira chimene teyala limakhoterapo, ndipo mkati mwake muli Birfield joint, mfundo imene imalola shafiti kuzunguza teyala ngakhale likukhota, yokhala m'girizi wambiri. Pakati pa girizi ameneyo ndi oyilo wa mu difu pali ka seal kamodzi kokha. Kakatha, ziwirizi zimasakanikirana, ndipo phala lakuda limayamba kuchucha mkati mwa teyala mpaka kufika pa mabuleki. Ambiri amangopukuta n'kuwonjezera girizi, koma kutero n'kungobisa matenda. Ife timachotsa teyala ndi caliper, timamasula hub, timachotsa manati akuluakulu ndi soketi ya 54 mm, kenako timasolola shafiti yonse. Chilichonse chimatsukidwa ndi palafini n'kuyalidwa pa lata loyera mu dongosolo limene chinatulukira, chifukwa timashimu topyapyala ta pamwamba ndi ta pansi tikasinthana malo, shafiti siikhala pakatikati ndipo seal yatsopano imatha msanga. Tikabwezera mabering'i atsopano, timakoka mkono wa chiwongolero ndi sikelo yopachika kuti tidziwe ngati kulimba kwake kukugwirizana ndi zimene buku la galimotoyo likunena. Mu Birfield timathira girizi wakuda wa moly, pomwe mabering'i a teyala ali ndi girizi wawo wosiyana. Mbali zonse ziwiri zimatidyera tsiku lathunthu, ndipo sindivomera kukonza mbali imodzi yokha, popeza zonse zinayenda mtunda wofanana.

Gawo lina la ntchito yathu n'kucheza ndi madalaivala, chifukwa zowonongeka zambiri zimayambira pa kagiya kakang'ono kamene dalaivala amasankhira 2H (kukoka ndi mateyala a kumbuyo okha) kapena 4H (kukoka ndi onse anayi). Land Cruiser 70, Hilux ndi Patrol alibe difu ya pakati, choncho munthu akaika 4H mateyala a kutsogolo ndi a kumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana. M'matope a msewu wa ku Neno kapena mumchenga wa ku East Bank zimenezi n'zabwino, chifukwa teyala limatha kuterereka pang'ono. Koma munthu akafika pa phula n'kuiwala kubwezera ku 2H, n'kukwera nayo makona a ku Thabwa, mphamvu yonse imaunjikana m'magiya a transfer case ndi m'mashafiti mpaka china chithyoke. Dalaivala wina wachikulire anandiuza kuti amasiya 4H dala kuti galimoto izigwira msewu, ndipo ndinamuyankha kuti, "Bambo, giya imene ikukana kutuluka mukafika ku Blantyre ikukuuzani kuti yavutika njira yonse." Palinso ena amene sagwiritsa ntchito 4x4 chilimwe chonse. Amenewa timawalangiza kuti kamodzi pa mwezi azitseka ma hub, ndiye kuti kulumikiza mateyala a kutsogolo ku mashafiti awo, n'kuyenda makilomita ochepa, kuti oyilo azungulire mu difu ya kutsogolo ndi kunyowetsa mabering'i a pamwamba.

Pa nkhani ya injini, galaja ya pakhomo iyenera kudziwa polekezera. Injini ya 1HZ ya Land Cruiser, ya malita 4.2, imene inatuluka mu 1990, ndi TD42 ya Patrol ndi zachikale, zopanda kompyuta yoyendetsa mafuta, ndipo timazikonza momasuka. Timing belt ya 1HZ timaisintha pa makilomita 100,000 pamodzi ndi tensioner yake, osadikira kuti iduke, chifukwa ikaduka mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Injini za D-4D za mu Hilux ndi nkhani ina. Zimakankha dizilo ndi mphamvu yoposa 1,000 bar kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso, moti kadontho ka madzi kapena kafumbi kochepa kamatha kuwononga ma injector onse anayi. Pabwalo ngati lathu, pamene mphepo ya mu Okutobala imabweretsa fumbi kuchokera mumsewu, sindingatsegule injector ya munthu. Timaichotsa, timaitseka bwino, n'kuitumiza kwa amene ali ndi chipinda choyera ndi makina oyezera. Nthawi zimene mafuta amasowa m'dziko muno anthu n'kumagula dizilo wa m'zigubu, mavuto amenewa amachuluka kwambiri, ndipo n'chifukwa chake dalaivala aliyense amene wabwera kwathu timamuonetsa kampopi ka pansi pa filter ya dizilo kotulutsira madzi, ndi tanthauzo la nyali yake ikayaka pa dashibodi.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, tinalandira magalimoto amene ankapita ku Phalombe, Mulanje ndi kuchigwa. Ena anabwera chokokedwa. Amene anazimira pakati pa madzi dalaivala n'kuyesa kulizanso, tinkapeza ma con rod, zitsulo zimene zimagwira mapisitoni, atapindika, chifukwa madzi akalowa mu silinda sapanikizika ngati mpweya. Amene anangokokedwa osagwiranso kiyi, tinkachotsa ma glow plug kapena ma injector, kutulutsa madzi, kusintha oyilo kangapo, ndipo ambiri anabwerera pamsewu. Kuyambira nthawi imeneyo, galimoto iliyonse yoyenda m'madera a mitsinje timailumikiza timapaipi pa ma breather onse n'kutikweza mpaka m'chipinda cha injini, ntchito yotsika mtengo imene imatha m'mawa umodzi.

Chimene chativuta kwambiri ndi zipangizo. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza pafupifupi chilichonse chimene timamanga pa galimoto chimachokera kunja, ku Johannesburg, Dubai kapena Dar es Salaam, mtengo umene tauza kasitomala lero sukhalitsa. Mayi a kunyumba ndi amene anakhazikitsa lamulo loti munthu azilipiratu zipangizo tisanamasule galimoto yake, chifukwa bwalo lathu n'laling'ono ndipo galimoto imodzi yokhala miyezi pa ma stand imatsekereza ntchito zina zonse. Zipangizo zachinyengo nazo zachuluka, zoikidwa m'mabokosi ofanana ndi enieni. Maganizo anga ndi akuti chitsulo chachikulu chogwiritsidwapo kale, monga hub, shafiti kapena difu yathunthu yogula ku Ndirande kapena ku Limbe, chimaposa chatsopano chosadziwika kumene chachokera, bola tichiyeze bwino tisanamange. Koma ma seal, mabering'i, timing belt ndi za mabuleki sindigula zakale, ngakhale mwini galimoto atadandaula motani. Eni ma Defender akale, amene anasiya kupangidwa mu Januwale 2016, timawauziratu kuti adekhe, chifukwa zawo zimachedwa kufika.

Kugwira ntchito pakati pa nyumba za anthu kulinso ndi udindo wake. Sitigogoda zitsulo usiku kapena Lamulungu, ndipo oyilo wakutha timamusunga m'migolo yotseka, osamuthira m'ngalande, chifukwa mvula ikagwa zonse za m'ngalande zimathera mumtsinje umene anthu ena amachapamo.

Pakadali pano tikusunga ndalama zogulira hydraulic press, chifukwa mabushi a masipuling'i ndi mabering'i a mashafiti a kumbuyo timayenera kupita nawo ku Limbe kuti akatikankhire, zomwe zimatitayitsa theka la tsiku ndi ndalama ya minibasi. Mmodzi mwa anyamata athu akukonzekera mayeso a umakaniko, ndipo akakhoza tikufuna kukumba dzenje lachiwiri kumbali kwa shedi, kuti miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene alimi ndi mipingo amabweretsa magalimoto awo mvula isanayambe, tisamabweze anthu pageti.