Loweruka: tachotsa Windows 10 pa malaputopu akale, taikamo Linux Mint ndi Firefox

Ntchito ya lero inali yochotsa Windows 10 pa malaputopu akale a mu ofesi n'kuikamo Linux Mint, dongosolo lina loyendetsera kompyuta, kenako kukonza browser ya Firefox. Makinawa alibe vuto, akugwira ntchito bwinobwino. Chatikakamiza n'chakuti Microsoft inasiya kutumiza ma update a chitetezo a Windows 10 pa 14 October 2025, pomwe Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta) ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, zomwe malaputopuwa alibe. Bowo lililonse la chitetezo limene lingapezeke pa kompyuta yosalandira ma update limakhala losatsekedwa mpaka kalekale. Vairasi ya WannaCry ya mu May 2017 inalowera pa bowo limene Microsoft inali itatseka kale mu March chaka chomwecho, ndipo inasakaza makompyuta amene sanalandire update imeneyo.

M'mawa wonse unathera pa kukopera mafayilo, osakhudza Linux n'komwe. Documents, Desktop, Downloads ndi Pictures zinapita pa hard disk yakunja, ndipo tinatsegula mafayilo angapo pa kompyuta ina pofuna kutsimikiza kuti akutseguka. Zimene anthu amaiwala nthawi zambiri ndi mafayilo a Outlook othera ndi .pst, ma bookmark, komanso mapasiwedi osungidwa mu browser. Ngati disiki ili yotsekedwa ndi BitLocker ya Windows, lembani kaye kiyi yake ya manambala 48 musanasinthe chilichonse mu BIOS (makonzedwe amene kompyuta imawerenga ikamayaka), chifukwa kungosintha pang'ono Windows ikhoza kukana kutseguka mpaka mutaipatsa kiyiyo.

Tinasankha Linux Mint 22, yomwe inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo idzalandira ma update mpaka 2029. Pa makina a RAM ya 8 GB taika mtundu wa Cinnamon, pa a 4 GB taika Xfce yomwe ndi yopepuka. Fayilo ya ISO, yomwe imakhala ndi Mint yonse yoti iikidwe, ndi pafupifupi 3 GB, choncho fulashi ya 8 GB ndi yokwanira.

Pali gawo limene ambiri amalidumpha ngakhale silitenga mphindi zisanu, kutsimikiza kuti fayilo mwatengayo ndi yeniyeni. Pa 20 February 2016 akuba analowa pa webusaiti ya Linux Mint n'kusintha linki, moti ena amene anapanga dawunilodi mtundu wa 17.3 Cinnamon tsiku limenelo analandira ISO yokhala ndi njira yobisika yolowera akubawo. Munthu angasamuke pofuna chitetezo koma n'kudziikira yekha vuto pa tsiku loyamba. Pa Windows timatsegula PowerShell n'kulemba Get-FileHash ndi dzina la fayilo. Imatulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64, umene uyenera kufanana ndendende ndi wa mu fayilo ya sha256sum.txt. Komabe wakuba amene wasintha ISO angathenso kusintha fayilo imeneyi, n'chifukwa chake pali ina yotchedwa sha256sum.txt.gpg, yomwe ndi siginecha ya opanga Mint, ndipo imatsimikizidwa ndi gpg --verify. Zonse zitagwirizana tinalemba ISO pa fulashi pogwiritsa ntchito balenaEtcher. Rufus nayonso imachita bwino. Kungokopera fayiloyo pa fulashi ngati chithunzi sikuthandiza, kompyuta siingayambire pamenepo.

Batani losankhira poyambira limasiyana: F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, F9 pa HP, Esc pa malaputopu ambiri a Asus. Mint ikayamba kuchokera pa fulashi siikhudza disiki, ndiye ndi nthawi yoyesa zonse musanafufute kanthu: Wi-Fi, mawu, kamera, mabatani owonjezera kuwala kwa sikirini, ndi printer.

Mavuto awiri anatulukira apa. Pa laputopu ina pulogalamu yoikira sinkaona disiki, ngati kuti mulibe. Gwero lake linali mu BIOS, pomwe SATA, njira yolumikizira disiki, inali pa RAID m'malo mwa AHCI. Titasintha, disiki inaoneka nthawi yomweyo. Chenjezo kwa amene akufuna kusunga Windows pambali: mukasintha izi mwachindunji Windows imalephera kuyamba, muyenera kuilowetsa kaye mu Safe Mode ulendo umodzi kuti itenge driver yoyenera. Pa laputopu inanso Wi-Fi sinkaoneka chifukwa khadi lake limafuna driver imene siibwera itaikidwa kale. Njira yake ndi kulumikiza foni ndi chingwe cha USB, kuyatsa USB tethering, kenako kutsegula Driver Manager n'kusankha driver yomwe ikulangiza. Ngati Secure Boot ndi yoyatsa, mudzafunsidwa kupanga pasiwedi, ndipo poyambiranso pamabwera sikirini ya buluu pomwe musankhe Enroll MOK n'kulemba pasiwediyo. Mukaidutsa osasankha kanthu, driver imakhala yaikidwa koma siigwira ntchito, ndipo ambiri apa amathamangira kuzimitsa Secure Boot. Ife tinaisiya yoyatsa, chifukwa ndi imene imaletsa pulogalamu yosasainidwa kulowerera kompyuta ikamayamba.

Poika, tinasankha kufufuta disiki yonse, ndipo pa Advanced features tinasankha LVM pamodzi ndi encryption. Izi zimatseka disiki yonse ndi LUKS. Popanda zimenezi, wakuba laputopu safunika kudziwa pasiwedi yanu, amangoyambitsa makina ndi fulashi ngati yathu yomweyi n'kuwerenga chilichonse. Mawu otsegulira disiki akhale aatali, mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana amaposa pasiwedi yaifupi yodzaza zizindikiro. Onetsetsaninso kuti kiyibodi mwasankhayo ndi yolondola, popeza zizindikiro monga @ ndi " zimasinthana malo pakati pa kiyibodi ya US ndi ya UK. Mawuwa akaiwalika palibe kampani kapena katswiri amene angakutsegulireni, choncho tinawalemba papepala n'kuwatsekera kutali ndi malaputopu. Kuika kwenikweni kunatenga pafupifupi mphindi 20 pa makina a SSD, ndipo kunachedwako pa a hard disk yozungulira.

Masana inali nthawi ya ma update, ndipo apa m'pamene pagona phindu lalikulu la kusamuka. Update Manager imakonza zonse pamodzi, kernel, Firefox, LibreOffice ndi china chilichonse chochokera mu Software Manager, ndipo phukusi lililonse limabwera ndi siginecha imene kompyuta imaiyesa isanaike. Tinayatsa ma update odzichitikira okha mu Preferences, pa Automation, kuti asamadikire munthu kukumbukira. Tisanatero tinakonza Timeshift, yomwe imasunga mmene dongosolo linalili kuti update ikasokoneza mubwerere m'mbuyo. Dziwani kuti Timeshift siisunga zikalata zanu, backup ya mafayilo ndi ntchito ina. Firewall imabwera yozimitsa, tinaiyatsa polemba sudo ufw enable, ndipo ikatero imakana zolowa zonse zosaitanidwa n'kulola zotuluka. Amene safunika kuika mapulogalamu tinawapatsa akaunti ya Standard, yopanda mphamvu ya sudo, lamulo lopatsa munthu ulamuliro wosintha dongosolo lonse.

Sitinauze aliyense kuti Linux siingathyoledwe, chifukwa limenelo ndi bodza. Bowo la Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza mauthenga a pa intaneti, linakhala pafupifupi zaka ziwiri lisanaululike mu April 2014, ngakhale code yake inali poyera. Mu March 2024 Andres Freund anapeza njira yobisika imene inalowetsedwa dala mu pulogalamu yopanikizira mafayilo ya xz 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo chinamudzidzimutsa n'chakuti kulowa pa kompyuta yakutali kudzera pa ssh kunkachedwa ndi theka la sekondi. Anatha kufufuza mpaka pa gwero chifukwa code inali yotseguka kwa aliyense, ndipo vutolo linagwidwa lisanafike m'mitundu yokhazikika ya Debian ndi Ubuntu. Ubwino wa mapulogalamu otseguka ndi umenewu: aliyense wodziwa akhoza kuyang'ana, ndipo kukonza sikudikira kuti kampani imodzi ivomere. Koma wogwiritsa ntchito angawononge zonsezi ndi mzere umodzi. Lamulo limene tasiyira eni makinawa ndi lakuti asamakopere mzere wokhala ndi sudo kuchokera pa webusaiti imene sakuidziwa, makamaka wa mtundu wa curl wotsatizana ndi bash, umene umatenga code pa intaneti n'kuiyendetsa nthawi yomweyo, komanso asamawonjezere ma PPA (malo otengako mapulogalamu a anthu ena) mwachisawawa, chifukwa mwini PPA amakhala ndi mphamvu yoika chilichonse pa kompyuta yanu kudzera mu update.

Firefox imabwera kale mu Mint, koma pali zoti musinthe. Pa Privacy & Security tinaika Enhanced Tracking Protection pa Strict. Mawebusaiti ena akhoza kusokonekera, makamaka mabatani olowera kudzera pa akaunti ya kwina, ndipo zikatero mumadina chishango chili pafupi ndi adiresi n'kuzimitsa pa webusaiti yokhayo. Tinayatsa HTTPS-Only Mode kuti browser ichenjeze isanatsegule tsamba losatetezedwa, tinayatsanso DNS over HTTPS kuti mwini netiweki asamaone mosavuta mayina a mawebusaiti amene mukufunsa. Pa ma extension tinaika uBlock Origin yokha. Imatchinga zotsatsa malonda zimene nthawi zina zimanyamula mavairasi, ndipo pa Firefox ikugwirabe ntchito yathunthu pomwe Chrome inasiya kuilola itasamukira ku malamulo atsopano a ma extension otchedwa Manifest V3. Extension iliyonse yowerenga masamba onse imaonanso tsamba la banki yanu, choncho zikachepa ndi bwino.

Mapasiwedi ndiwo anafuna kusamala kwambiri. Browser yakale imawatulutsa mu fayilo ya CSV yosatsekedwa, yomwe aliyense akhoza kuitsegula n'kuwerenga dzina la webusaiti, dzina lolowera ndi pasiwedi pa mzere umodzi. Tinailowetsa mu KeePassXC, imene imasunga zonse mu fayilo imodzi yotsekedwa ya .kdbx, kenako tinafufuta CSV ija pa laputopu, mu Trash ndi pa hard disk yakunja yomwe. Kufufuta pa fulashi kapena pa SSD sikutsimikizira kuti zachokeratu, ndiye mapasiwedi a imelo ndi a banki tinawasintha lero lomwe n'kuyatsa chitsimikizo chachiwiri cha pa foni. Amene akonda kusunga mapasiwedi mu Firefox momwemo aike Primary Password, apo ayi aliyense wopeza laputopu ili yotsegula adzawaona.

Chakumadzulo tinayesa zikalata. Mafayilo a Word anatseguka mu LibreOffice, koma masamba ena anasuntha chifukwa font ya Calibri ndi Cambria mulibe. Titaika fonts-crosextra-carlito ndi fonts-crosextra-caladea, zomwe zilembo zake n'zofanana kukula ndi zimenezo, masamba anabwerera m'malo. Mafayilo a Excel okhala ndi ma macro (timapulogalamu ta mkati mwa fayilo) ayenera kuyesedwa lililonse palokha, ena sagwira. Printer ya pa netiweki inaoneka yokha popanda kuika driver.

Laputopu imodzi yatsala pa Windows 10 chifukwa ili ndi pulogalamu yowerengera ndalama imene ilibe mtundu wa Linux. Taichotsa pa intaneti, ndipo mafayilo ake azituluka pa fulashi imodzi yosagwiritsidwa ntchito kwina. Lolemba tiyesa kuika Windows imeneyo mu VirtualBox, pulogalamu yotha kuyendetsa Windows mkati mwa Linux, pa laputopu ya RAM ya 8 GB, tiipatse 4 GB ndipo netiweki yake ikhale yozimitsa. Hard disk ya backup ikhala osafufutidwa kwa mwezi wathunthu, mpaka aliyense atatsimikiza kuti mafayilo ake onse afika.